Buku limene ndinalandira ndi manja awiri

Ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo ili ndi wotchi yakeyake. Ukafika pakhomo umadina foni kuti ku ofesi adziwe kuti walowa, ndiye kuyambira pamenepo uli ndi mphindi makumi atatu zoti munthu umudzutse, umusambitse, umuveke, amwe mankhwala, adye, iwe utsuke mbale. Ukachedwa pa nyumba imodzi wachedwa pa nyumba zonse za tsikulo. Ntchito imeneyi ndinaiyamba nditangofika ku Leicester kuno ku Ulaya ndipo ndikuigwirabe. Kuisiya sikunali kotheka, chifukwa viza yanga inali yomangiriridwa ku kampani imene inandiitana. Akakuchotsa amakupatsa masabata owerengeka kuti upeze kampani ina yokuvomera, ukalephera ndiye kulongedza katundu. Kwathu ku Mchinji ndinasiya mwana wanga wamkazi m'manja mwa mng'ono wanga, ndipo zonse zimene ndinkameza kuno ndinkamezera iyeyo, kuti tsiku lina adzabwere kudzakhala nane.

Ndinkakhala ku Braunstone, m'kachipinda ka m'nyumba ya mayi wina wa kwathu, namwino wa pa chipatala, amene ndinkawatchula kuti achemwali ngakhale panalibe ubale. M'mawa uliwonse ndinkakwera mabasi awiri kupita ku Oadby, kumene kunali nyumba yanga yoyamba ya tsikulo. Munkakhala mayi wachizungu wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, yekhayekha. Moyo wawo wonse anali mphunzitsi wa mbiri ya zojambulajambula. Tsiku loyamba anandiuza kuti ndiziwaitana dzina lawo, monga achitira kuno, koma lilime langa linakana. Munthu wa msinkhu wa amayi anga kumutchula dzina ngati mnzanga wa kusukulu? Ndinkangoti aphunzitsi, ndipo nditawamasulira anaseka n'kuvomera.

Sanali munthu wophweka, ndisawakometse poti anamwalira. Sabata yoyamba anandibwezera tiyi katatu. Manja awo ankanjenjemera, ndipo mutu wawo unali wa masiku: lero akukumbukira zonse mpaka zaka zake, mawa akundifunsa kuti ndine yani ndipo ndalowa bwanji. Koma pa tsiku labwino anali ndi lamulo limodzi, lakuti samwa mankhwala ndisanaone chithunzi. Pa tebulo la pambali pa mpando wawo pankakhala chibuku cha chikuto chobiriwira, chachikulu ngati thireyi, chodzaza ndi zithunzi zimene anthu a ku Ulaya anajambula ndi penti m'zaka za m'ma 1800.

Poyamba zinkandinyong'onya. Ine mphindi zikutha, nyumba ina munthu akudikira ali m'matewera, kuno akundionetsa azungu amene anafa kalekale. Koma mankhwala anayenera kumwedwa, choncho ndinkaima kumbuyo kwa mpando, kapu ya madzi ili m'manja, n'kumayang'ana. Anandiphunzitsa kuti ojambulawo anali m'magulu, gulu lililonse likunyoza limene linalitsogolera. Mayina ake anali aatali othera ndi izimu, ndiye ine ndinawapatsa anga.

Oyamba, a Romantisizimu, ndinkati anthu a namondwe. Iwowa chilichonse chinali chimphepo, sitima zikumira, akavalo akudzuma, anthu atapanikizana pa timatabwa pakati pa nyanja, wina akukupiza nsanza kuitana thandizo. Panali china cha mzimayi wa chifuwa pamtunda atanyamula mbendera, akuponda pa mitembo. Aphunzitsi ankati anthu amenewa anatopa ndi malamulo a zojambula zakale, ankafuna kuti woona amve mantha kapena chisoni kaye asanayambe kuganiza. Ndinawayankha kuti mantha otere amakoma ukamawaonera pa khoma uli pafupi ndi moto.

A Impuleshonizimu ndinkati anthu a chifunga. Awa anatuluka m'nyumba n'kukajambulira panja, mothamanga, kuti akole kuwala dzuwa lisanasunthe, ndipo a nyuzipepala a nthawiyo ankawaseka kuti ntchito yawo ndi yosamaliza. Ine nditaona koyamba ndinati umu ndi mmene ankaonera malemu bambo anga ng'ala itawagwira. Aphunzitsi anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandiuza kuti ndikaime pa chitseko ndiyang'ane ndili patali. Ndinapita monyinyirika. Ndili pamenepo timadontho tija tinagwirana n'kukhala madzi, ndipo madziwo ankaoneka ngati akuyenda. Zinandigwira mtima, sindikana. Koma anthu a m'zithunzimo ankandikwiyitsa, azimayi a maambulera, azibambo m'mabwato, aliyense ali pa tchuthi, palibe ndi mmodzi yemwe amene akuthamangira basi.

Gulu limene linandigwetsa m'mavuto ndi la pakati pa awiriwa, a Riyalizimu, amene ndinkati anthu a thukuta. Awa anati basi, tiyeni tijambule anthu wamba mmene alili, osawadzoza mafuta. Panali cha amuna awiri akuswa miyala m'mbali mwa msewu, malaya atang'ambika kumsana. Ndinawauza aphunzitsi kuti amenewa alipo mpaka lero, akapita ku Lilongwe akawapeza m'mbali mwa msewu ndi nyundo zawo. Ndiye tsiku lina anatsegula tsamba la azimayi atatu m'munda wa tirigu wokololakolola. Awiri awerama mpaka pansi akutola ngala zotsalira, mmodzi wa iwo dzanja lina lili kumsana litagwira zimene watola. Wachitatu ali chowerama pang'ono, sanaime, sanafike pansi. Kutali kumbuyo kuli milu ya tirigu yaitali ngati nyumba, ngolo yodzaza, ndi mwamuna atakwera pa kavalo.

Aphunzitsi anayamba kundifotokozera kuti kale ku France osauka ankaloledwa kutola zotsala eni munda akatha kukolola, ndipo olemera a mu mzinda chithunzichi chinawanyansa. Ndinawadula pakamwa, chinthu chimene sindichita kwa munthu wamkulu.

"Aphunzitsi, uku ndi kukunkha," ndinatero. "Amayi anga andilera ndi zimenezi."

Ndinawauza za esiteti ya mtedza imene inali pafupi ndi kwathu. Akatha kukolola, kapitawo ankalengeza tsiku loti azimayi alowe. Amayi ankapita kusanache ndi khasu lakutha ndi chitenje, n'kumafukula mizere imene ena adutsa kale. Madzulo potuluka, kapitawo ankaima pa chipata ndi njinga yake n'kumamasula mtolo wa aliyense. Mtolo ukakula kwambiri ankati waba pa mulu, n'kukhuthulira theka pansi. Ndinaloza mwamuna wa pa kavalo uja n'kunena kuti kapitawo wake ndi ameneyu.

 Aphunzitsi anaika chala chawo chonjenjemera pa mzimayi wachitatu uja.

"Zaka zonse zimene ndinaphunzitsa, ana asukulu ankandifunsa ngati uyu akuwerama kapena akudzuka," anatero. "Ndinalibe yankho. Iwe ukuti bwanji?"

"Akudzuka," ndinayankha. "Koma msana wakana kuwongoka. Ukawerama kuyambira m'mawa umadzuka pang'onopang'ono, umaima kaye pakati."

Tsiku limenelo ndinachedwa nyumba zonse, ndipo sindinadandaule. Kwa miyezi ingapo nyumba imene ija ndi yokhayo imene ndinkalowamo ngati munthu wodziwa kanthu. Kwina konse ndinali manja ovala magolovesi.

Linali Lachinayi lina mu Novembala, kunja mvula ikuwaza. Aphunzitsi anali pa tsiku labwino kwambiri. Nditamaliza kutsuka mbale anakankhira buku lija kwa ine n'kunena kuti nditenge, likhale langa, mwana wanga adzalione akadzabwera.

Lamulo ndinkalidziwa. Pa maphunziro a pa kompyuta amene tinachita tisanayambe ntchito anatiuza kuti mphatso ya kwa munthu amene ukumusamalira sulandira, ndipo ukakakamizidwa ukanene ku ofesi. Ndinadina kuti ndamva. Koma kudina pa kompyuta ndi kwina, kuima pamaso pa munthu wamkulu atatambasula manja ndi kwinanso. Kwathu munthu wamkulu akakupatsa chinthu umakana kamodzi mwaulemu, mwina kawiri, koma akalimbikira n'kukanabe ndiye kuti wamunena kuti chinthu chake n'chonyansa, kapena kuti iyeyo ndi mfiti. Ndinakana kawiri. Kachitatu ndinagwada pa kapeti paja n'kulandira ndi manja awiri, monga anandiphunzitsira amayi anga.

Anandipempha cholembera kuti alembe mawu m'kati mwa chikuto. Ndinawapatsa, koma dzanja linkavina moti nsonga ya cholembera inkangogogoda pa pepala. Ndinawamvera chisoni, komanso foni inali itayamba kale kulira m'thumba kuti nthawi yatha.

"Musavutike, aphunzitsi," ndinatero. "Ndikudziwa kuti lachokera kwa inu."

Mawu amenewo ndawabwereza m'mutu mwanga kosawerengeka. Ndikanangodikira mphindi ziwiri kuti alembe ngakhale zokhotakhota.

M'chikwama changa simusowa chitenje, ndimachiyala pogwada m'mabafa a anthu. Ndinakulunga bukulo m'chitenjemo, chifukwa cha mvula, komanso chifukwa mphatso suyenda nayo poyera ngati ukuitsatsa. M'chikwama silinakwane, ndiye ndinalipanira m'khwapa, m'kati mwa jekete, n'kutuluka chowerama kuthawa madontho. Pa chitseko chawo panali belu la kamera limene mwana wawo wamwamuna anaika. Ndinkalidutsa tsiku lililonse moti ndinali nditaiwala kuti limaona.

Madzulo ndinawaonetsa achemwali bukulo pa tebulo la kukhitchini, ndili wonyadira. Iwo sanalikhudze n'komwe.

"Mwapanga declare ku office?" anandifunsa.

"Ndi mphatso, achemwali. Andipatsa okha."

"Inu, kuno gift ndi msampha. Mawa lomweli mukapange report, alembe mu file. Anthu awa akakutembenukirani simudzawazindikira."

Ndinati ndipita. Sindinapite. Zinkandichititsa manyazi kukaimika mphatso ya munthu wamkulu pa desiki ya ofesi ngati katundu wotoledwa pamsewu, ndipo ndinkadziwanso kuti akandiuza kuti ndibweze. Mawa linasanduka mkuja, sabata inatha. Bukulo linali pansi pa pilo, ndipo Lamlungu ndinajambula tsamba la okunkha lija pa foni n'kutumizira mwana wanga kuti aone agogo ake.

Mwana wa aphunzitsi ankakhala ku Nottingham ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Pa miyezi yonse imene ndinagwira m'nyumbamo ndinakumana naye kawiri, ndipo kawiri konseko anandipatsa moni akuyang'ana foni. Zithunzi analibe nazo ntchito. Koma anali atayamba kale kulemba mndandanda wa katundu wa m'nyumbamo, amayi ake ali moyo, akupuma, atakhala pa mpando pomwepo. Atabwera anaona kuti pa tebulo palibe buku, anabwerera m'mbuyo pa kamera yake, n'kuimbira ku kampani.

Manijala anandiimbira ndili pa siteji ya basi kuti ndisapite ku nyumba ina iliyonse, ndibwere ku ofesi. Anali mtsikana wamng'ono kwa ine, waulemu wake ndithu, wa mawu ofewa amene kuno amalankhula akamakupha. Anatembenuza kompyuta kuti ndione. Ndinaona mzimayi wakuda akutuluka m'nyumba ya nkhalamba yachizungu, atawerama, chinthu chachikulu chitatupa m'jekete, akucheuka uku ndi uku. Tsiku lija ndinkayang'ana ngati basi ikubwera, koma kamera sionetsa basi. Kunena zoona, ngakhale ine ndikanamukayikira mzimayi ameneyo.

Ndinafotokoza zonse, za okunkha, za kugwada, za cholembera. Ndinkalankhula maso ali pansi, chifukwa bwana sumuyang'ana m'maso ngati ukufuna ndewu. Pambuyo pake ndinawerenga m'lipoti lawo kuti pa nthawi yonse ya zokambirana ndinkapewa kuyang'ana wondifunsa.

"Afunseni eni ake," ndinatero. "Akuuzani okha."

"Tawafunsa kale," anayankha manijala.

Anawafunsa pa tsiku loipa. Mwana wawo ataloza pa tebulo, aphunzitsi anayamba kulira kuti buku lawo lili kuti, wina wawatengera buku lawo. Zimenezi ndiye zinandilasa kuposa kamera ija. Ndikudziwa kuti anali matenda, ndasamalira anthu otere ambiri ndipo ndimauza abale awo kuti asamasunge mawu a wodwala. Koma ndinawakwiyira, ndipo pena ndimawakwiyirabe. Anandikweza kundiika pa mpando wa munthu, kenako anaiwala, ine n'kutsala ndi mlandu.

Manijala anandiikira njira ziwiri. Yoyamba, ndibweze buku, ndisayine kalata yovomera kuti ndinachotsa katundu m'nyumba ya munthu popanda chilolezo, andipatse chenjezo lomaliza, banja lija litseke nkhani. Yachiwiri, ndikane, nkhani ipite ku khonsolo ndi ku polisi, ine ndikhale pakhomo osagwira ntchito mpaka afufuze, ndipo akandipeza wolakwa dzina langa lilowe m'kaundula wa anthu osaloledwa kusamalira okalamba. Anandipatsa masiku awiri oti ndiganize, n'kundifunsa ngati ndikufuna kapu ya tiyi.

Achemwali sanazungulire.

"Sayinani," anatero. "Mukati mupange fight, ma shift aima, sponsor akusiyani, visa yapita. Mukamuuza chiyani mwana? Kuti munabwerera chifukwa cha book?"

"Koma sindinabe, achemwali."

"Ndikudziwa ine. Mulungu akudziwa. Koma pa video paja Mulungu sakuonekapo."

Ndinasayina. Ine amene amayi anga anandikwapula ndili wamng'ono chifukwa chotola mtedza umodzi pa mulu wa esiteti, ndinalemba dzina langa lonse pansi pa mawu onena kuti ndinatenga chinthu cha mwini popanda chilolezo. Dzanja langa silinanjenjemere n'komwe, ndipo zimenezo zimandinyansa mpaka lero. Buku ndinalibweza m'jumbo ya ku shopu. Chitenje chija sindinafune kuti achikhudze.

Anandiletsa kupondanso pa nyumba ija, ngakhale kukatsanzika. Kwa miyezi itatu sankanditumiza ndekha kulikonse, nthawi zonse ndinkayenda ndi mnzanga wa ntchito, ndipo aliyense ankadziwa chifukwa chake ngakhale panalibe wonena. Kuyambira pamenepo sindilandira kanthu m'nyumba ya munthu. Agogo ena ku Beaumont Leys anandigwira dzanja chaka chatha kundipatsa switi imodzi, ine ndinabweza dzanja ngati ndagwira mbaula, iwo n'kutsala akundiyang'ana modabwa. Ulemu umene ndinabwera nawo kuchokera kwathu anandivula ku ofesi kuja, ndipo amene amalipira ndi nkhalamba zosalakwa.

Viza inatsala. Ntchito inatsala. Mwana wanga sanabwerebe, mapepala ake akuyendabe, ndipo akandifunsa pa foni za buku la agogo lija ndimasintha nkhani.

Kuti aphunzitsi anamwalira ndinamva kwa mnzanga wa ntchito, tili pa basi, akunena ngati nkhani ya nyengo. Anati anawapititsa ku nyumba yosungirako okalamba itangotha Khirisimasi ndipo sanakhalitseko. Maliro sindinawamve, ndipo ndikanawamva sindikanaloledwa.

Chakumapeto kwa Malichi anandipatsa nyumba yatsopano mu msewu womwe uja ku Oadby. Kuchokera pa siteji kunalibe njira ina koma kudutsa pakhomo pa aphunzitsi. Ndinapeza pali chikwangwani chogulitsa nyumba, ndipo pabwalo pali chibini chachikulu chachitsulo, chachikasu, chimene amabweretsa pa lole akamakhuthula nyumba ya womwalira. Munali matiresi, mpando wawo uja miyendo ili m'mwamba, ndodo yoyendera, makatani. Mabuku amene anali ndi mtengo ayenera kuti anatengedwa ndi ogula. Otsalawo anawaponya pakona, ndipo pamwamba pake panali chikuto chobiriwira.

Mvula ya masiku angapo inali italifufumitsa. Masamba anali atamatirirana n'kupindika, chikuto chitayamba kusupuka. Buku limene linatsala pang'ono kundibweza ku Mchinji, limene munthu anaimbira foni ku kampani ndi kutchula polisi, linali m'zinyalala pamodzi ndi poto wa kuchimbudzi. Mwana uja sanalifune ngakhale tsiku limodzi. Chimene sanafune n'chakuti likhale ndi ine.

Chibinicho chinali m'mphepete mwenimweni mwa njira, moti sindikanaponda pabwalo pawo. Ndinaika chikwama pansi. Ndinayamba kuwerama, dzanja ndatambasula, ndipo zala zinatsala pang'ono kukhudza chikuto. Pamenepo ndinakweza maso. Belu lija linali pa chitseko pomwe paja, kagetsi kake kakuyaka.

Ndinakhala choncho kanthawi, osafika pansi, osaima. Ndinali ndi chenjezo lomaliza m'faelo, ndipo zinyalala za mwini ndi za mwinibe. Aphunzitsi ndinawayankha mwachangu tsiku lija kuti mzimayi wachitatu akudzuka chifukwa msana wamupweteka. Mwina anali ataona chinthu pansi, n'kuona kuti wa pa kavalo akumuyang'ana.

Foni inalira m'thumba kuti ndachedwa. Ndinawongoka, ndinatola chikwama changa, n'kupita kukasambitsa munthu wa pa nyumba yachinayi kuchokera pamenepo. Amayi anga ku esiteti kuja, ndi umphawi wawo wonse, kapitawo ankawalola kutola zimene eni ake ataya.